Chilombo M'kope la Ngongole

Atengambali: A MBEWE, mphunzitsi wopuma pantchito, ANABANDA, mneba wawo, wogulitsa mandasi, WOFOTOKOZA.

(Tambala akulira. Tsache likusesa pabwalo. Kenako geti la malata likumenyedwa mwamphamvu.)

ANABANDA: Odi kuno! Odi, a Mbewe! Musanamizire tulo, wailesi yanu ndikuimva.

A MBEWE: Odini, aneba. Mwadzuka bwanji?

ANABANDA: Ndadzuka ndi chilombo. Tatulukani muone. Ili ndi kope langa la ngongole za mandasi. Tsamba ili lili ndi mayina a anthu amene anadya osalipira. Tsopano tembenuzani. Ichi n'chiyani?

A MBEWE: Dikirani ndivale magalasi. Eee, iyi ndi mfiti ya m'dambo, imene imalondera mlatho. Mdzukulu wanu Mphatso dzanja lake ndi labwino ndithu. Taonani mmene waikokera mphuno.

ANABANDA: Mphuno ndaiona. Ndaonanso duku la madontho, lomangira kumanzere monga ndimangira ine. Ndaonanso dzino lotuluka limodzi. Kodi m'mudzi muno mfiti zimavala duku langa?

A MBEWE: Maduku a madontho ali mbwee pamsika.

ANABANDA: Nanga beseni la mandasi lili pambali pakeli, nalonso lili mbwee m'dambo?

WOFOTOKOZA: Omvera, tiwasiye apume pang'ono, chifukwa mkangano uwu sungamveke tisanadziwe zimene zimachitika pakhonde la a Mbewe Loweruka madzulo. Pamakhala masewero a Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974 ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin ku America. Anali timabuku titatu m'kabokosi, ndipo poyamba anasindikiza mabokosi 1,000 okha. Munthu mmodzi, woyendetsa masewero, amafotokoza dziko ndi pakamwa: apa pali phanga, uko kuli mtsinje, pamlatho pali mfiti. Enawo aliyense ali ndi mtengambali wake, kaya wankhondo, kaya mbala, kaya wamatsenga, ndipo amanena chimene mtengambaliyo achite. Pakakhala chikayiko amaponya dayisi, kawirikawiri ya mbali 20. Vuto lake n'lakuti dziko lonselo lili m'mitu ya anthu, ndipo mitu isanu siona chinthu chimodzi ngakhale yamva mawu amodzi. Ine ndili mbali ya a Mbewe pa mfundo iyi: kujambula patebulo ndi chida chothandiza osewera kumvana, choncho chojambula chabwino ndi chachangu, chosasamala kukongola, choikidwa pakati kuti aliyense aone. Pa nkhani ya duku ndilibe mawu owateteza.

ANABANDA: Tsono ndiuzeni, aphunzitsi. Mumasonkhanitsa ana a eni, mumaponya timiyala ta manambala, mumatchula mfiti ndi ziwanda, kenako mumazijambula. Kwathu zimenezo timati kuombeza. Abusa akamva mudzayankha chiyani?

A MBEWE: Abusa anamva kale. Anabwera kudzabwereka dayisi ya mbali 6 pamene ya ludo ya ana awo inatayika. Ndipo mantha anuwa si atsopano, aneba. Ku America komweko, m'zaka za m'ma 1980, makolo ambiri anakuwa kuti masewerowa ndi khomo la Satana. Mu 1985 pulogalamu ya pa kanema yotchedwa 60 Minutes inamuika Gygax pamaso pa dziko kuti adziyankhire. Kampani yake yakale ya TSR inachita mantha mpaka mu 1989, potulutsa malamulo atsopano, inachotsamo mayina a ziwanda ndi adyerekezi. Patapita zaka mayinawo anabwereranso, ndipo ana amene ankasewera aja lero ndi agogo, ena akuimba kwaya.

ANABANDA: Mwatsegula sukulu pa geti. Ine fizi sindinalipire.

A MBEWE: Mwafunsa nokha.

ANABANDA: Chabwino, za ufiti tisiye, ngakhale dzino lija sindinalisiye. Funso langa ndi ili. Makolo athu ankaimba nthano usiku, mdima uli bii. Akati "padangokhala," ana n'kuyankha "tili tonse." Kalulu ankaoneka, Fisi ankaoneka mpaka malovu ake. Panalibe pensulo, panalibe kope, panalibe ngongole ya munthu yoonongeka. Inu mukulephera kufotokoza nkhani bwino, ndiye mukubisala kuseri kwa zithunzi. Mphunzitsi wabwino wa nkhani safuna wojambula.

A MBEWE: Apo mwafunsa ngati munthu wa kalasi yapamwamba, ndipo ndikuyankhani mofatsa. Kalulu ankaoneka, inde, koma mwana aliyense ankaona Kalulu wake. Wina ankamuona wamakutu oimirira, wina ogwa, wina ankaona dzenje lake kumanja kwa mtengo, wina kumanzere. Sizinkasokoneza kanthu, chifukwa womvera nthano sasankhira Kalulu zochita. Agogo ndiwo amadziwa kumene athawire. Tsopano tayerekezani agogowo aima pakati pa nthano n'kuloza mwana mmodzi kuti, iwe ndiwe Kalulu, Fisi uyo akubwera, uchita chiyani? Pomwepo mwanayo afunsa kuti dzenje lili kuti, ndi kutali bwanji, pakati pali chitsamba kapena ayi. Yankho lake likhala moyo kapena imfa ya Kalulu. Ndi mmene masewero athu alili. Malamulo amati munthu wamba amayenda mafiti 30 pa mpata wake umodzi. Amati mpira wa moto umene wamatsenga amaponya umaotcha chilichonse chimene chili mkati mwa mafiti 20 kuchokera pamene wagwera. Ndiye mpira wagwa, ine ndikuti wankhondo wapsa, mwini wake akuti ayi, ine ndinali kuseri kwa mwala. Mwala uti? Uja munatchula poyamba uja. Wina akuti mwalawo unali tsidya lina la mtsinje. Theka la ola latha, masewero aima, ana akulozana zala. Koma ndikanangolemba mizere iwiri ya mtsinje, kabwalo ka mwala, ndi timitanda tisanu ta anthu, mlanduwo sukanabadwa n'komwe.

ANABANDA: Ndiye kuti ana anuwo ndi abodza. Akaona moto ndiye mwala umasamuka.

A MBEWE: Ena ndi akathyali, sindikana. Koma ambiri amanena zimene anaonadi m'mutu mwawo. Mu 1880 Mngelezi wina wa sayansi, Francis Galton, anafunsa anthu kuti akumbukire tebulo limene anadyerapo chakudya cham'mawa, anene mmene akulionera m'maganizo. Ena anati akuliona lowala ngati lili pamaso pawo. Ena, kuphatikizapo anzake a sayansi, anati saona chilichonse, ndipo ankaganiza kuti amene akuti akuona akungokometsa mawu. Mu 2015 dokotala wa ubongo wa ku yunivesite ya Exeter, Adam Zeman, anapatsa dzina mkhalidwe wosaona zithunzi m'mutuwu, akuti aphantasia. Tsono pakhonde panga pangakhale mwana amene ndikati phanga lalikulu lamdima, iye amangomva mawu atatu, osaona phanga. Kodi ameneyo ndimuthamangitse?

ANABANDA: Tebulo la m'mawa ine ndikuliona bwinobwino. Palibe shuga, chifukwa kapu imene munabwereka mwezi watha sinabwerere.

A MBEWE: Imeneyo ndi nkhani ya kalasi ina.

WOFOTOKOZA: Funso la Anabanda ndi lolemera kuposa mmene a Mbewe akuvomerezera, chifukwa alipodi osewera aluso amene amatha usiku wonse osagwira pensulo, ndipo masewero awo amakoma. Koma mbiri ya masewerowa ili mbali ya pensulo. Kholo lawo ndi masewero a nkhondo. Mu 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake Kriegsspiel, masewero ophunzitsira atsogoleri a asilikali, oseweredwa pa mapu, ndi timidadada toimira magulu a nkhondo, madayisi, ndi woweruza wokhala pakati. Gygax mwiniwake, asanafike pa Dungeons & Dragons, analemba ndi Jeff Perren malamulo a Chainmail mu 1971, a nkhondo za tizidole patebulo. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti m'masewero oyambirira a Dungeons & Dragons kujambula inali ntchito ya wosewera. Buku la oyamba kumene la 1981, limene anakonza Tom Moldvay, limanena kuti gulu lisankhe mmodzi wolemba mapu. Woyendetsa amabisa mapu ake, n'kumangonena kuti njira yapita mafiti 40 kumpoto, yakhotera kum'mawa. Wolemba mapu amajambula pa pepala la timabokosi, kabokosi kamodzi kuimira mafiti 10. Akalakwitsa, gulu lonse lasochera pansi pa nthaka. Oyendetsa ena ankaikamo dala njira zotsetsereka pang'onopang'ono ndi makoma osuntha kuti mapuwo asokonekere. Apa n'zoonekeratu kuti chojambulacho chinali umboni wa zimene gulu lamva, moti kulakwika kwake kunkaonetsa pamene kumvana kwaduka. Woyendetsa wanzeru akasuzumira pepala la wosewera amadziwa msanga ngati wafotokoza bwino kapena wabalalitsa anthu.

ANABANDA: Mapu ndavomera, mizere iwiri ndi kamwala. Koma ichi si mapu. Ichi n'chithunzi cha munthu, chokhala ndi makwinya, ndolo, ndi mthunzi pansi pa chibwano. Mwana amene wajambula zonsezi sanamve chilichonse chimene inu munkanena. Mapanga awiri avumbwitsa, a Mbewe. Inu munaphunzitsa zaka zambiri. Mwana akamajambula m'kalasi munkamuombera m'manja, kapena munkamuombera china?

A MBEWE: Ndinkamuombera china, ndipo a sayansi akadandiona akadandiletsa. Mu 2009 Jackie Andrade wa ku yunivesite ya Plymouth anatenga anthu 40 n'kuwamvetsera uthenga wa pa foni wotopetsa, wotchula mayina a anthu opita ku phwando. Theka la iwo anapatsidwa pepala kuti azidetsa timabwalo ndi timabokosi akumvetsera. Atafunsidwa mwadzidzidzi zimene anamva, odetsa timabokosi aja anakumbukira zambiri ndi 29 peresenti kuposa anzawo. Maganizo ake n'ngakuti dzanja likakhala ndi kantchito kopepuka, mutu suthawira kutali kukalota zina. Ndiye ganizirani patebulo pathu. Pa nkhondo aliyense amadikira mpata wake, ndipo osewera akakhala asanu, mwana amatha nthawi yaitali akungoyembekeza. M'manja mwake mukhala chimodzi mwa ziwiri, pensulo kapena foni. Wa pensulo akujambula mlatho umene tikuukambawo. Wa foni ali pa Facebook, ndipo mukamuitana amafunsa kuti kodi tafika pati.

ANABANDA: Imani pomwepo. Mwanena nokha kuti ankadetsa timabokosi. Kudetsa kabokosi ngakhale ine ndingathe ndikukazinga mandasi. Kodi mayi wanu wa ku Plymouth anauza anthuwo kuti ajambule nkhope ya mneba wawo ndi dzino lotuluka?

A MBEWE: (akutsokomola) Sanawauze.

ANABANDA: Ndiye umboni wanu wafika pa kabokosi, pa dzino sunafike.

A MBEWE: Ulipo wina. Mu 2016, ku yunivesite ya Waterloo ku Canada, Jeffrey Wammes, Melissa Meade ndi Myra Fernandes anapatsa anthu mndandanda wa mawu, ena awalembe mobwereza, ena awajambule. Mawu ojambulidwa ndi amene anakumbukiridwa kwambiri, ndipo kukongola kwa chithunzi sikunasinthe kanthu. Wojambula nkhuku yooneka ngati mbatata anakumbukirabe nkhuku. Ndi chifukwa chake sabata yotsatira, ndikafunsa kuti mlonda wa pachipata uja anali ndani, onse amayang'ana kudenga, koma Mphatso amatsegula tsamba n'kunena kuti ndi uyu wa diso limodzi, ndipo tili naye ngongole ya ndalama zasiliva.

ANABANDA: Ngongole za m'phanga akuzikumbukira, za mandasi akuzijambula kumsana.

WOFOTOKOZA: Apa Anabanda agwira pofooka, ndipo tiyenera kuwapatsa chawo. Kafukufuku wa ku Plymouth akunena za kantchito kosafuna kuganiza, ndipo wa ku Waterloo akunena za kukumbukira chinthu chimene wachijambula, osati zimene zinkanenedwa pamene unali kalikiliki ndi pensulo. Chithunzi cha makwinya ndi mithunzi chimadya maso ndi makutu omwe. Wosewera amene wamira m'menemo wachoka patebulo ngakhale mpando wake uli pomwepo, ndipo anzake amadikira kuti amalize ndolo asanaponye dayisi. Koma yankho lake si kulanda pensulo. Ku England ndi Wales lamulo la 1925 limaletsa kujambula m'khothi mlandu uli mkati. Ojambula a nyuzipepala ndi kanema amalowa, amayang'anitsitsa, amalemba timawu tochepa ta mtundu wa malaya ndi kakhalidwe ka woimbidwa mlandu, kenako amatuluka n'kukajambula panja kuchokera m'mutu. Lamulolo linali ndi zolinga zake, koma njira imene linabala ndi yoyenera patebulo la masewero. Nthawi ya nkhani, dzanja lingotola mafupa: mutu wozungulira, chipewa, chipsera, mkondo. Mnofu uikidwe pa nthawi yopuma kapena kunyumba. Pali muyeso wosavuta: wojambula akaitanidwa dzina la mtengambali wake n'kuyankha nthawi yomweyo, pensulo ikumuthandiza, akafunsa kuti kodi tafika pati, yasanduka foni.

ANABANDA: Ndili ndi china. Chinthu choopsa chimaopsa chifukwa sunachione. Usiku kukamveka kaphokoso kuseri kwa nkhokwe, mtima umagunda. Ukayatsa tochi n'kupeza kuti ndi galu wa a Mbewe akuba madeya, mantha amatha, umatsala ndi mkwiyo. Inu mukajambula chilombo mwayatsa tochi. Ana aja saopanso, akungoseka mphuno.

A MBEWE: Galu wanga madeya sadya. Koma mfundo yanu ndi yoona theka, ndipo theka limenelo ndimalitsata. Chilombo chachikulu sindichijambula chisanatuluke. Ndimajambula mapazi ake m'matope, kapena chitseko chimene chathyola, chifukwa zimenezo zimakulitsa mantha. Theka linalo mwalakwa. Mu 1978 Gygax anatulutsa ulendo wotchedwa Tomb of Horrors, manda odzaza misampha, ndipo m'katimo anaikamo kabuku ka zithunzi koti woyendetsa azionetsa osewera pofika malo ena. Chimodzi chimene osewera sanachiiwale mpaka lero ndi nkhope yaikulu yobiriwira ya chiwanda pakhoma, itayasamula, m'kamwa mwake muli bii. Wolowamo amatheratu, osatsala ngakhale nsapato. Tsono chithunzicho sichinachotse mantha. Chinawapatsa pokhala. Osewera amachiyang'ana, amaloza, amakangana kuti kodi ndi khomo kapena msampha, wina n'kunena kuti tiyambe taponyamo ndodo. Ndikafotokoza ndi pakamwa pokha, mawu amene ndawatsindika amaulula chinsinsi. Ndikati pali kukamwa kwakuda kwambiri, aliyense wadziwa kuti pamenepo ndi pamene pali nkhani. Chithunzi sichitsindika. Chimaika zonse poyera n'kusiya wosewera asankhe yekha choti akayikire.

ANABANDA: Ndiye mwana wa eni alowe m'kamwa mwa chiwanda, inu muli phee?

A MBEWE: Mtengambali wake, aneba. Mwanayo amatsala pampando akudya chimanga chokazinga.

ANABANDA: Nanga amene sadziwa kujambula? Mukuwachititsa manyazi. Mphatso akujambula makwinya, mnzake akujambula munthu ngati ndodo zinayi ndi dzungu.

A MBEWE: Ndodo zinayi ndi dzungu n'zokwanira. Alipo masewero a ku Canada otchedwa The Quiet Year, amene Avery Alder anatulutsa mu 2013. Onse amakhala mozungulira pepala limodzi. Pali makadi 52, khadi lililonse kuimira sabata imodzi ya chaka, ndipo aliyense pa mpata wake amaonjezera kachithunzi kakang'ono pa mapu a mudzi wawo: chitsime, munda, manda, msasa wa alendo. Palibe amene amafunsidwa ngati ali ndi luso. Pofika kumapeto pepalalo limakhala lodetsedwa ngati lapondedwa ndi nkhuku, koma aliyense amene analipo amatha kuloza kadontho n'kufotokoza mbiri yake yonse. Chithunzi chokongola kwambiri chili ndi vuto lake: anthu amaopa kuchikhudza. Chosakongola aliyense amalanda pensulo n'kunena kuti ayi, khomo lili apa. Chimenecho ndiye ndimafuna.

WOFOTOKOZA: Patsala nkhani ya nkhope za atengambali, imene a Mbewe akuizemba chifukwa ndi imene yawabweretsera mlandu. Mapu amathetsa mkangano wa malo. Nkhope imathetsa mkangano wa kuti munthuyu ndi wotani. Mapepala ambiri olembapo za mtengambali amasiya bokosi loti mwini wake ajambulemo maonekedwe, ndipo amene walidzaza, ngakhale moipa, wasankha zinthu zimene manambala sanena: kodi wankhondoyu ndi wokalamba, kodi chishango chake n'chong'ambika, kodi amamwetulira. Mphamvu ya chithunzi chotere inaoneka ku Japan. Kuyambira mu 1986 magazini ya Comptiq inkasindikiza zokambirana za gulu lina likusewera Dungeons & Dragons, pansi pa mutu wa Record of Lodoss War. Ryo Mizuno anazisandutsa mabuku, ndipo Yutaka Izubuchi anajambula atengambali ake, kuphatikizapo Deedlit wa makutu aatali otambasukira m'mbali. Mu 1990 nkhaniyo inakhala katuni, ndipo makutu amenewo anafalikira kwa ojambula ambiri a kumeneko. Phunziro lake lili ndi mbali yowawa. Chithunzi chikangoikidwa patebulo chimagonjetsa zithunzi zonse zimene zinali m'mitu ya ena, ndipo sichibwerera m'mbuyo. Choncho wojambula mtengambali wa mnzake ayenera kufunsa kaye mwini wake, ndi kulola kufufuta akauzidwa kuti sali choncho. Ngati lamulo limeneli likugwira pa munthu wongopeka, pa mneba wamoyo wokhala ndi duku lake likugwira kawiri.

ANABANDA: Tsopano yankhani za dzino. Musandiuze za ku Japan.

A MBEWE: Ndinafotokoza kuti pamlatho pali mayi wamphamvu, wosagonja pa mkangano, amene palibe amadutsa osalipira, ndipo amakumbukira ngongole ya aliyense mpaka ya agogo ake. Sindinatchule dzina. Wojambula aliyense amatola nkhope zimene amazidziwa.

ANABANDA: Mayi wamphamvu.

A MBEWE: Wosagonja.

ANABANDA: Ndipo anamugonjetsa ana anuwo?

A MBEWE: Anayesa kawiri. Koyamba wankhondo anagwera m'madzi. Kachiwiri mbala inagwidwa khutu. Mapeto ake analipira onse, n'kuonjezera chiwongoladzanja.

ANABANDA: Hmm. Chiwongoladzanja cha bwanji?

A MBEWE: Pa ndalama khumi zilizonse, ziwiri.

ANABANDA: N'chochepa. Mumuuze akweze. Ndipo dzinolo lifufutidwe lero, mphuno ichepetsedwe, ndolo zikhale zazikulu. Kope latsopano mugula ndinu, la timabokosi mugule lanu. Tsono poti mwati kujambula kumathetsa milandu, tabwerani kuno kumpanda. Ndipatseni kamtengo ako. (Kamtengo kakukwekwesa pansi.) Uwu ndi mzere wa malire monga anaulozera amfumu. Apa ndi khitchini yanga. Apa ndi papaya wanu. Mukuona mbali imene waima?

A MBEWE: Mzere wanuwo wakhota, aneba. Dzanja lanu lanjenjemera cha apa.

ANABANDA: Mwanena nokha kuti kukongola kwa chithunzi kulibe ntchito.

A MBEWE: Ndinanenanso kuti aliyense ali ndi ufulu wolanda pensulo. Bweretsani kamtengoko. Malire anadutsa kuseri kwa mwala uwu.

ANABANDA: Mwala uti? Umenewo munaugubuduza ndinu chaka cha mvula yambiri chija!

A MBEWE: Unagubuduzika wokha. Komanso simunanene kuti kabokosi kamodzi ndi mafiti angati. Mapu opanda muyeso si umboni.

ANABANDA: Muyeso ndi phazi langa ili. Chimodzi, ziwiri, zitatu. Papaya ali kwanga ndi mapazi atatu, ndipo zipatso zake ndiyamba kuthyola mawa.

A MBEWE: Tiponye dayisi. Ikagwa pa 11 kapena kuposa, papaya ndi wanga.

ANABANDA: Dayisi yanu, khonde lanu, woweruza ndinu nomwe? Mphatso! Thamanga ukaitane amfumu. Ndipo iwe galu, choka pa mapu anga!

(Galu akuuwa. Mapazi akuthamanga. Geti la malata likumenyeka.)